Kufewetsa kuwala kwa fulashi ndi zinthu zapakhomo ndi kukonza mitundu: musankhe njira iti?

Aliyense amene anajambulapo ukwati mu holo madzulo akuchidziwa chithunzi ichi. Chipumi cha mkwati chili phuliphuli ngati wadzola mafuta ophikira, mthunzi wake wakuda bii wamatirira kukhoma, diresi ya mkwatibwi yangoti mbee osaoneka ndi ulusi womwe, ndipo anthu akumbuyo ali ngati onse agwidwa chikasu. Ambiri timathamangira kunena kamera, pomwe mlandu uli pawiri: kuwala kwa fulashi n'kouma, ndiponso mtundu wake sukugwirizana ndi magetsi a m'chipindamo.

Zonse ziwirizi zimatheka kuzichepetsa osagula zida zodula, koma si chilichonse chimene anthu amamata pa fulashi chimathandiza. Zina zimangokudyerani mabatire.

Zoyenera kuyang'ana musanadule katoni

Choyamba ndi kukula. Kuwala kumafewa ngati kukuchokera pa chinthu chachikulu poyerekeza ndi munthu amene mukumujambula. N'chifukwa chake dzuwa la masana limadula mithunzi yakuthwa, pomwe tsiku la mitambo nkhope zimaoneka zosalala: thambo lonse limakhala lasanduka nyali imodzi. Mutu wa fulashi ndi waung'ono ngati mabokosi awiri a machesi. Mukauveka kachipewa ka pulasitiki kofanana nawo kukula, simunakulitse kanthu. Mwangomwaza kuwala kuti kukagunde makoma n'kubwerera, ndipo pamene palibe makoma palibenso chobwerera.

Chachiwiri ndi kuwala kotayika. Kafulashi kotumphuka pamwamba pa makamera ambiri a Canon ndi Nikon kali ndi guide number (nambala yosonyeza mphamvu ya fulashi) ya 12 kapena 13 pa ISO 100 (ISO ndi muyezo wa mmene kamera ikumvera kuwala). Bowo la lenzi lolowetsa kuwala likakhala pa f/4, gawani 12 ndi 4, mupeza kuti kamafika mamita 3 okha. Mukakaphimba ndi chinthu chodya ma stop awiri (stop iliyonse imadula kuwala pakati), kuwala kotsala ndi kotala, ndipo mtunda umatsika kufika mita imodzi ndi theka. Fulashi zazikulu zili ndi mphamvu yoti mungatayeko, komabe nambala ya pabokosi isakunamizeni: 60 ya fulashi ya Godox TT600 amaiyeza mutu utakokedwa kufika 200mm, kuwala kutaunjikana malo amodzi, osati pamene mukujambula gulu la anthu khumi.

Chachitatu, chimene ambiri timachiphunzira titapsa kale, ndi mtundu. Chilichonse chimene kuwala kwadutsamo kapena kwagundapo chimapereka mtundu wake ku chithunzi.

Pamwamba pa zitatuzi, njira iliyonse ndiiyeza pa mtengo, kupezeka, kasamalidwe ndi zovuta zake.

1. Kadi yoyera yomangirira ndi mphira

Mumalozetsa mutu wa fulashi m'mwamba, n'kumangirira kadi yoyera kumbuyo kwake, yaikulu ngati theka la pepala la A4. Kuwala kwina kumapita ku siling'i n'kutsika kofewa, kwina kumagunda kadiyo n'kupita kutsogolo kukadzaza maso ndi kunsi kwa chibwano. Fulashi zambiri zili ndi kakadi kawo kosolola, koma n'kakang'ono kwambiri.

Mtengo: pepala limodzi la manila limatulutsa makadi angapo, ndipo mphira mudula pa chubu chakutha cha njinga.

Kupezeka: shopu iliyonse yogulitsa makope ndi zolembera, ngakhale pa trading centre. Mukapeza foam yoyera imene ana amapangira zaluso kusukulu, tengani imeneyo, chifukwa imapindika osathyoka.

Kasamalidwe: manila imada msanga ndi thukuta la m'manja ndi fumbi la mu Okutobala. Ikayamba kuoneka ngati phala la mgaiwa itayeni. Ine ndimasunga atatu pakati pa kope kuti asapindike.

Zovuta: manila "yoyera" ina imakhala yopita ku kirimu, ndipo pepala la mu ofesi limaikidwa mankhwala owalitsa amene amakokera ku buluu. Mukatembenuza kamera kuti mujambule choimirira, muyenera kutembenuzanso mutu wa fulashi, apo ayi kuwala kupita kukhoma la m'mbali. M'tchalitchi cha denga lalitali, theka la kuwala limangopita kwa angelo.

Pa zonse zimene nditchule, iyi ndi imene siichoka m'chikwama changa.

2. Chigubu kapena bakuli la pulasitiki

Apa ndi pamene anthu ambiri amayambira, poti chimafanana ndi zogula monga Omni-Bounce ya Sto-Fen kapena Lightsphere ya Gary Fong. Mumaboola pansi pa chigubu choyera mwa mkaka, n'kuchiveka pa mutu wa fulashi. Chimawala mbali zonse ngati babu.

Mtengo: palibe, ndi chinthu chimene mukanataya kudzala.

Kupezeka: zigubu zili paliponse, koma choyenera n'chosowa. Chooneka mkati ngati botolo la madzi sichimwaza kanthu. Chokhuthala kwambiri chimameza kuwala. Mukufuna chija mukachiyang'anitsa kudzuwa chimawala koma dzanja lanu kuseri kwake silioneka bwino.

Kasamalidwe: kutsuka ndi sopo basi, koma pulasitiki ikakhalitsa padzuwa imasanduka yachikasu pang'onopang'ono mwakuti diso silizindikira.

Zovuta: apa ndili ndi chipsera. Pa chinkhoswe china mbumba yonse inavala chitenje chimodzi cha buluu ndi zoyera, ndipo ine ndinali nditaveka fulashi chigubu chimene kale munali mafuta ophikira. Ndinachitsuka bwino, chinkaoneka choyera. Pa kasikirini ka kamera zonse zinali bwino. Nditakatsukitsa zithunzi, zoyera zija zinatuluka ngati sitoko wasungunuka, buluu uja akupita ku gilini. Azakhali a mkazi anatenga chithunzi chimodzi, n'kuchiyandikiza pa nsalu imene anavala, anvekere, "Achimwene, nsalu yathu si imeneyitu." Ndinali nditajambula JPEG yokha (chithunzi chimene kamera yamaliza kale kukonza), ndiye pokonza panali pochepa. Kuyambira tsiku limenelo, pulasitiki iliyonse ndimayamba ndaiika pambali pa chinthu choyeradi pafupi ndi windo, kenako n'kujambula khoma loyera kawiri, kamodzi nayo kamodzi popanda, n'kuyerekeza.

Vuto lina n'lakuti chigubu chimaponyanso kuwala kumbuyo kwanu ndi m'mbali. M'kachipinda kakang'ono ka makoma oyera zimenezo n'zabwino. Panja kapena mu tenti yaikulu mukungotopetsa fulashi, imachedwa kudzaza, ndipo pamene akwati akudyetsana keke inu muli duu kudikira kanyali kofiira. Siyaninso mpata pakati pa galasi la fulashi ndi pulasitiki, chifukwa mukawombera motsatizana mutuwo umatentha ndithu.

3. Softbox ya katoni

Iyi ndi yokhayo pa zopanga pakhomo imene imakulitsadi gwero la kuwala popanda kudalira makoma. Mumadula katoni kuti ikhale yopapatiza kumene kukulowa fulashi ndi yotambalala kutsogolo. Mkati mumamata foyilo, mutayamba mwaikwinya n'kuitambasulanso kuti isaponye kuwala malo amodzi. Kutsogolo mumakunga nsalu yoyera yopyapyala, tracing paper kapena pepala lophikira makeke.

Mtengo: katoni ndi yopempha ku golosale. Foyilo, guluu ndi selotepi ndi zimene mungagule, kuphatikiza madzulo amodzi a ntchito.

Kupezeka: foyilo ndi pepala la makeke zili m'masupamaketi a m'tauni. Kumudzi, pepala loyera mkati ndi kansalu ka poplin kutsogolo zimagwira ntchito, kungoti kuwala kumachepako.

Kasamalidwe: apa ndiye pali ntchito. Katoni siigwirizana ndi chinyezi cha dzinja, siilowa m'chikwama, ndipo mu minibasi imafika itaphwanyika. Nsalu yochapidwa ndi sopo wa ufa imatenga mankhwala owalitsa aja, ndiye imakokera ku buluu. Ndi chida chokhala malo amodzi.

Zovuta: yokwera pa kamera isapose pepala la A4 kukula, chifukwa ikalemera imagwetsa mutu wa fulashi ndi kukakamiza phazi lake, ndipo imatseka kanyali kofiira kothandiza kamera kupeza focus mumdima. Pa kukula kotere imafewetsa bwino munthu akakhala pa mita imodzi kapena awiri. Pa mamita asanu yasandukanso kadontho. Yaikulu kuposa apo imafuna kuichotsa pa kamera, ndiye mwalowa mu ndalama za sitandi ndi trigger (kachida kowombetsa fulashi ili patali ndi kamera). Palinso nkhani ya maso a anthu: kasitomala amene walipira ndalama zambiri akaona katoni ya sopo pa kamera amayamba kukayika. Ikuteni ndi pepala lakuda kunja.

4. Kugundika kuwala ku siling'i kapena khoma

Palibe chopanga. Mumangotembenuza mutu wa fulashi kuti uloze siling'i kapena khoma la kumbuyo kwanu chakumbali, ndipo khomalo limasanduka nyali yaikulu kuposa softbox iliyonse imene mungakwanitse kunyamula.

Mtengo: mabatire okha, poti fulashi imagwira ntchito yolemera. Ochajanso a NiMH amabweza ndalama zawo msanga.

Kupezeka: pamafunika fulashi ya mutu wotembenuka ndi siling'i yoyera yosatalika kwambiri. Ku mahotela ndi m'maofesi zimapezeka. M'matchalitchi ndi m'maholo a sukulu ambiri mulibe siling'i, ndi malata ndi mitanda basi.

Kasamalidwe: palibe.

Zovuta: mtundu. Khoma la gilini limapaka nkhope zonse gilini, siling'i ya matabwa a paini imafiiritsa, malata adzimbiri amabweza kuwala kwa bulauni kosafanana. Mukaloza pamwamba penipeni muli pafupi ndi munthu, maso ake amalowa m'maenje a mthunzi, ndiye njirayi imayenda bwino ikakwatirana ndi kadi ija. Pamene palibe khoma labwino, mnyamata wokuthandizani atagwira shiti yoyera ya pabedi kapena ambulera yoyera amakhala khoma loyenda.

5. Tishu, jumbo ndi tizinthu tina pa kafulashi kotumphuka

Anthu amaika tishu, jumbo yoyera, mpira wa table tennis woboola, kapena kabotolo koyera kamene kale munkabwera filimu. Mtengo palibe, zimapezeka paliponse, kusamala palibe chifukwa n'zotaya. Phindu nalo n'lochepa: kung'anima kumachepako pang'ono mukakhala pafupi, koma mthunzi sufewa kwenikweni, ndipo kafulashi kopanda mphamvu kale kamafookeratu. Tishu yokhudza galasi imatha kuwauka n'kusiya banga. Fulashi ya foni ndi chimodzimodzi, bola kumusunthira munthuyo pa windo.

Chenjezo limodzi pa njira zonsezi: mangani ndi kumata kunja kokha. Musatsegule fulashi. Mkati muli capacitor yosunga magetsi okwana mavoti pafupifupi 300 ngakhale mutachotsa mabatire.

Nanga mitundu?

Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu, ndipo kumayezedwa mu Kelvin (K). Kandulo ili cha m'ma 1900K, babu lakale la waya 2700K, dzuwa la masana ndi fulashi zili pakati pa 5500K ndi 6000K, mthunzi wa panja umapitirira 7000K. Mababu a LED ndi ma energy saver amalemba pabokosi kapena patsinde: warm white ndi 2700K mpaka 3000K, cool daylight ndi 6500K. Machubu aatali aja amawonjezapo kagilini kamene diso siliona koma kamera imaona. Kamera imatha kukonza mtundu umodzi pa nthawi. Fulashi ikamawalitsa akwati ndi 5500K pamene holo yonse ili pa 2700K, wina ayenera kuluza.

Kwa ife a khungu lakuda nkhaniyi ndi yaikulu. Khungu lathu limanyezimira pa chipumi, pamphuno ndi pamasaya, ndipo kunyezimirako kumatenga mtundu wa nyali. Kuwala kokokera ku buluu kumamuonetsa munthu wotuwa mbuu ngati sanadzole.

A. Kusankha white balance (kuuza kamera mtundu wa kuwala kulipo) pa kamera

Mtengo palibe, ndipo kamera iliyonse ili nazo. Kusamala kwake ndi kukumbukira kusintha mukachoka m'tchalitchi kupita panja. Vuto la Auto n'lakuti imasintha maganizo chithunzi chilichonse: diresi yomweyo imatuluka mitundu itatu mu alubamu imodzi. Mukaika pa Flash kapena K 5500, zithunzi zimafanana, ndiye ngakhale zitalakwika zimalakwika mofanana ndipo zimakonzeka pamodzi. Chosokoneza ambiri n'chakuti mukakweza nambala ya K pa kamera chithunzi chimafiira, mukatsitsa chimapita ku buluu. Nambalayo mukuiuza kamera mtundu wa kuwala kumene kulipo, iyo n'kukokera mbali ina.

B. Kuyeza ndi kadi pamalo pomwepo

Mumaika kadi yotuwa pamene padzaime munthu, n'kuijambula fulashi ndi diffuser yanu (chofewetsera kuwala chija) zili pomwepo. Pa Canon mumajambula kaye n'kusankha chithunzicho mu Custom White Balance. Pa Nikon mumapita pa PRE n'kuyeza. Njira imeneyi ikanandipulumutsa pa chinkhoswe chija, chifukwa imachotsa mtundu wa chigubu chomwe.

Mtengo: kadi yotuwayo, grey card ya 18%, si yodula kunja, koma kuno ndi yoitanitsa.

Kupezeka: m'malo mwake gulani tepi yoyera ya mapulambala, ija amakulunga pa mapaipi, ku hardware iliyonse. Ikulungeni kambirimbiri pa kathabwa kapena labala yofufutira mpaka pansi pasaoneke. Kuyera kwake sikukondera mtundu uliwonse. Pepala la mu ofesi limathandiza pangozi, koma poti limakokera ku buluu, kamera imabwezera ndi kachikasu.

Kasamalidwe: isade, isakhale padzuwa. Tepi ikada mumangokulunga ina.

Zovuta: muyenera kuyezanso mukasintha malo kapena magetsi akathima n'kuyatsa jenereta. Kadi ikawala mopyola, kuyezako kumalephera. Siithetsanso nkhondo ya nyali ziwiri zosiyana.

C. Gel pa fulashi

Iyi yokha ndiyo imathetsa nkhondoyo. Mumamata kapulasitiki ka mtundu pa fulashi kuti ifanane ndi magetsi a m'chipinda, kenako n'kuika kamera pa mtundu umodzi womwewo. Pa mababu ofiirira mumagwiritsa CTO, gel ya mtundu wa lalanje: kwa kampani ya Lee Filters, 204 ndi yathunthu, 205 ndi theka, 206 ndi kotala. Mukaika yathunthu, kamera iikeni pa Tungsten. Pa machubu a gilini pali gel ya gilini, 244. Ine ndimakonda theka, chifukwa limasiya kumbuyo kuli kofunda pang'ono, kooneka kuti kunalidi madzulo.

Mtengo: kachidutswa kamodzi n'kotchipa, koma chilichonse chochokera kunja chinakwera kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023.

Kupezeka: kovuta. Ambiri amatuma abale a ku Joni kapena ku UK. Pepala limodzi lalikulu limakwanira ojambula khumi, ndiye sonkheranani. Mapepala onyezimira okutira maswiti kapena mphatso amapereka mtundu, koma si mtundu woyezedwa, ndipo nthawi zambiri amafiiritsa mopitirira.

Kasamalidwe: gel imafwifwa ndi kukwinyika ndi kutentha. Isakhudze galasi.

Zovuta: CTO yathunthu imadya pafupifupi stop imodzi, kuwonjezera pa zimene diffuser yadya kale. Ndipo mukaiwala kuichotsa potuluka panja, akwati atuluka ngati malalanje. Holo ikakhala ndi mababu a mitundu itatu kuphatikiza nyali za DJ, gel siingathe. Pamenepo pemphani azimitse zina, kapena ikani shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) pa 1/200 ya sekondi ndi ISO yotsika kuti fulashi ilamulire yokha, kumbuyo kude. Mukafuna kuti kuwala kwa machubu kuoneke, khalani pa 1/50 kapena 1/100, chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz ndipo machubu akale amaphethira ka 100 pa sekondi, mtundu n'kumasintha chithunzi ndi chithunzi.

D. Kujambula RAW (fayilo imene kamera sinaikonze) n'kukonza pa kompyuta

Mtengo: mapulogalamu a Digital Photo Professional ya Canon ndi NX Studio ya Nikon n'aulere, chimodzimodzi darktable ndi RawTherapee. Lightroom ndi yolipira mwezi ndi mwezi mu ndalama zakunja. Ndalama zenizeni zimapita ku ma memory card ndi hard drive, poti RAW ndi yaikulu kangapo kuposa JPEG.

Kupezeka: mufunika laputopu yamphamvuko, bandulo yotsitsira pulogalamu, ndi magetsi.

Kasamalidwe: kusunga mafayilo pawiri, ndi nthawi yanu ya usiku.

Zovuta: RAW imakulolani kusintha white balance popanda kuwononga chithunzi. Mukajambula kadi yanu poyamba, mumangoidina kamodzi n'kukopera ku zithunzi zonse. Koma nyali ziwiri zosiyana zimakhalabe zosiyana, pokhapokha mutakhala pansi kupenta mbali ndi mbali. Sikirini ya laputopu nayonso imanama. Weruzani mtundu pa shati yoyera kapena diresi, osati pa khungu, chifukwa pa khungu dzanja limayamba kuyeretsa munthu mpaka amayi ake osamuzindikira.

Tsono mutenge iti?

Ngati mumajambula maukwati ndi zinkhoswe m'maholo a siling'i yoyera, gundikani kuwala m'mwamba, kadi ili kumbuyo, theka la CTO ngati mababu ndi ofiirira, ndipo jambulani RAW pamodzi ndi JPEG. M'tchalitchi cha malata opanda siling'i, kadi ikhale yaikuluko n'kuipindira kutsogolo, yandikirani anthu, kwezani ISO kufika 800 kapena 1600, ndipo yezani ndi kadi mwambo usanayambe.

Inu amene mumatsuka zithunzi pompopompo pa perekaniperekani kapena pa graduation, RAW si yanu. Nthawi mulibe. Kadi yoyera, kuyeza kamodzi ndi tepi ya mapulambala, JPEG, basi.

Wa kasitudiyo ka zithunzi za pasipoti ndi ziphaso, komanso mayi wogulitsa makeke, mawigi kapena nsapato pa Facebook ndi WhatsApp, pangani softbox ya katoni, muiike malo amodzi, muzimitse babu la m'chipinda, muyeze mtundu kamodzi n'kuusunga. Kwa wogulitsa nsalu kuyezako n'kofunika kuposa softbox yomwe, poti kasitomala amabweza katundu chifukwa cha mtundu.

Chigubu chisungireni maphwando a m'nyumba, pa balaza la makoma oyera pamene anthu ali mbali zonse. Panja masana, chotsani chilichonse pa fulashi, itsitseni mphamvu ndi stop imodzi kapena awiri kuti ingodzaza mithunzi ya kunsi kwa chipewa, ndipo ngati pali mtengo wa mango pafupi, aimikeni anthuwo m'mphepete mwa mthunzi wake, osati mkati mwenimweni momwe masamba amawapaka gilini.